Usipa Wapamsika ndi Botolo la ku Joni

Ana anga, inu amene mwayamba ntchito ku Lilongwe, ku Joni, ku Harare kapena kutali ku Manchester, ndipo mwezi ukatha mumakumbukira kumudzi, ndili nanu mawu. M'zikwama zimene mumatumiza pa basi masiku ano, pakati pa bulangete, sopo ndi nsapato za ana, simukusowa botolo la makapisozi achikasu olembedwa kuti Omega-3. Mayi amaliika pamwamba pa kabati, kumeza kamodzi m'mawa uliwonse, n'kumauza anzawo a Mvano kuti mwana wawo anawatumizira mankhwala a mtima. Chikondi chimenecho sindingachinyoze. Koma ndalama mumazipeza movutikira, ena mwa inu mukugona anayi m'chipinda chimodzi kuti mutumize kangachepe, choncho ndi bwino mudziwe chimene mukugula. Wogulitsa akamakamba za mafuta a nsomba ndi mtima amayamba nkhaniyo bwinobwino, koma amailekezera panjira, pamene imamukomera iyeyo.

Kumene amayambirako si bodza ayi. Thupi la munthu limadzipangira mafuta ambiri amene limafuna, koma ilipo mitundu ina imene silingathe kupanga, iyenera kulowera pakamwa. Izi anazitulukira George Burr ndi mkazi wake Mildred ku Minnesota mu 1929, ataona makoswe amene ankawamana mafuta akutuwa khungu n'kusiya kukula. Omega-3 ali m'gulu limeneli. Alipo wa m'zomera wotchedwa ALA, amene amapezeka mu soya ndi mbewu zina, ndiye pali awiri a m'madzi, EPA ndi DHA. Thupi limayesetsa kusandutsa ALA kuti akhale awiri enawo, koma limangokwanitsa pang'ono. Gwero lenileni la EPA ndi DHA ndi ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi. Tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, tinsomba timadya tizilomboto, mafutawo n'kumakwera choncho mpaka kufika m'mbale yanu. Akalowa m'thupi amakakhala m'timakungu topyapyala tokuta maselo a mtima, a ubongo ndi a maso. Amatsitsa mafuta a m'magazi otchedwa triglyceride, amathandiza kuti magazi asamafulumire kuundana, ndipo amatsitsako BP, koma pang'ono zedi.

Kutchuka kwawo kunayambira kumalo kozizira kumene ambiri a ife sitidzapondako. Mu 1970 madokotala awiri a ku Denmark, Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg, anapita kudera la Uummannaq ku Greenland kukatenga magazi a anthu a mtundu wa Inuit. Anthuwa ankadya anangumi, nyama zam'nyanja zotchedwa seal ndi nsomba, zakudya zonona zokhazokha, komabe mbiri inali yakuti matenda a mtima sawadziwa. M'magazi mwawo munapezeka triglyceride wochepa ndi omega-3 wambiri, ndipo akachekeka magazi ankachedwa kuleka. Dziko lonse linati tapeza chinsinsi. Patapita zaka 40 ndi mphambu, mu 2014, gulu la George Fodor ku Ottawa linafukulanso mapepala akalewo n'kupeza kuti madokotala aja sanapime mitima ya anthuwo. Anangodalira mabuku a zipatala ndi a imfa, m'dziko limene anthu ambiri ankamwalirira kumidzi yakutali popanda dokotala wowaona. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa bwino: agogo akagwa kumunda n'kutsirizika pomwepo, palibe buku limene limalemba kuti unali mtima. Kafukufuku wapambuyo pake anaonetsa kuti a Inuit amadwala mtima mofanana ndi anthu ena, ndipo sitiroko imawagwira kwambiri.

Ngakhale maziko ake anali ofooka chonchi, mayeso oyamba anapereka chiyembekezo. Ku Wales, m'mayeso amene zotsatira zake zinatuluka mu 1989, amuna 2,033 amene anali atapulumuka mtima utatsekeka mitsempha anawagawa m'magulu. Amene analangizidwa kudya nsomba zonona kawiri pa sabata kapena kuposa, imfa pakati pawo zinachepa ndi 29 peresenti m'zaka ziwiri. Gwirani mfundo iyi: ambiri mwa iwo ankadya nsomba yeniyeni ya m'mbale, makapisozi ankapatsidwa okhawo amene nsomba inkawakanika. Ku Italy, odwala 11,324 a vuto lomwelo analowa m'mayeso ena amene zotsatira zake zinatuluka mu 1999, ndipo amene ankamwa galamu imodzi ya omega-3 patsiku anamwalira ochepa, makamaka imfa zadzidzidzi. Apa m'pamene malonda anaphulika. Mabotolo amene mukugula lero akudyerabe mbiri ya zaka zimenezo.

Tsono nayi mbali imene samakuuzani. Mayeso aakulu apambuyo pake analephera kupeza phindu lomwe lija. Mu 2018 munatuluka zotsatira ziwiri zolemera. Ku Britain, anthu 15,480 odwala shuga anatsatidwa kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, theka akumwa galamu imodzi patsiku, theka akumwa makapisozi ongoyerekezera, ndipo kusiyana kogwira mtima sikunaoneke. Ku America, anthu 25,871 amene anali asanadwalepo mtima anayesedwa chimodzimodzi, ndipo mukaphatikiza sitiroko, kutsekeka kwa mitsempha ya mtima ndi imfa za mtima, magulu awiriwo anatha pafupifupi mofanana. Chaka chomwecho bungwe la Cochrane linasonkhanitsa mayeso 79 a anthu oposa 112,000 n'kunena kuti makapisoziwa amasintha zochepa kwambiri kapena sasintha kanthu pa imfa ndi matenda a mtima. Mu 2019 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linatsimikiza kuti galamu imodzi patsiku siteteza munthu amene mtima unam'tsekekapo kale. Chinasintha n'chiyani pakati pa 1999 ndi 2018? Ambiri amaloza mankhwala a statin otsitsa kolesitulo, a BP ndi aspirin, amene odwala amasiku ano amakhala akumwa kale. Kadzenje kamene mafuta a nsomba ankatseka kale, mankhwala amenewa anakatseka bwino koposa.

Ndinene chilungamo, mayeso amodzi anapambana. Anthu 8,179 amene anali kale pa statin koma triglyceride ali pamwambabe anapatsidwa EPA woyengedwa bwino, magalamu 4 patsiku, ndipo mavuto a mtima anachepa ndi 25 peresenti. Zimenezi zinalengezedwa mu 2018, ndipo mankhwalawo, a dzina la Vascepa, amalembedwa ndi dokotala. Koma akatswiri akukanganabe, chifukwa gulu loyerekezera linkamwa mafuta a mineral oil, amene anakweza kolesitulo wawo, mwina n'kuchititsa kuti mankhwalawo aoneke abwino kuposa mmene alili. Mu 2020 mayeso enanso a anthu 13,078, a magalamu 4 omwewo koma osakaniza EPA ndi DHA, anaimitsidwa asanafike kumapeto chifukwa panalibe phindu looneka. Ndipo m'mayeso onse awiriwa munatuluka chinthu chimene simudzachiwerenga pa chithunzi cha pa WhatsApp: omwa mafuta ambiri chonchi ankapezeka kawirikawiri ndi vuto la mtima kugunda mosalongosoka, limene madokotala amati atrial fibrillation, lomwe palokha limatha kubweretsa sitiroko.

Tengani botolo limene muli nalolo, mulitembenuze. Kutsogolo kwalembedwa 1000 mg ndi zilembo zazikulu. Kumbuyo, pa tizilembo tofunika magalasi, mabotolo ambiri otchipa amati EPA 180, DHA 120. Ndiye kuti m'kapisozi imodzi, zimene mukuzifunazo ndi mamiligalamu 300 basi, zotsalazo ndi mafuta ena a nsomba. Kuti mufike pa magalamu 4 a m'mayeso aja mufunika kumeza makapisozi oposa 13 patsiku, ndipo ngakhale mutatero si mankhwala omwe aja. Dziwaninso kuti m'mayiko ambiri mabotolo amenewa amawerengedwa ngati chakudya chowonjezera, osati mankhwala. Ku America lamulo la 1994 limalola kuti agulitsidwe popanda wopanga kuyamba waonetsa umboni wakuti amachiza. Komanso mafuta amenewa sachedwa kuvunda akakumana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Botolo limene layenda masiku angapo pansi pa basi kudzera pa Beitbridge ndi pa Mwanza, n'kukakhala pansi pa malata mu Okutobala ku Chikwawa, musalikhulupirire chifukwa cha chivindikiro chake chokongola. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Boolani kapisozi imodzi ndi singano, mununkhize. Ngati fungo lake likubaya m'mphuno ngati la penti kapena la nsomba yoola, tayani.

Kutaya ndalama kokha sikukanandilembetsa zonsezi. Chimene chimandiwawa ndi chimene ndachiona m'mabanja angapo. Bambo amene akhala akumwa amlodipine kapena HCTZ wa kuchipatala akalandira botolo la mwana wawo amati, "Awa ndiye enieni, ndi achilengedwe, amatsuka mitsempha. Akuchipatala aja amangondikodzetsa." Tsiku la kusikelo ya BP likafika sapitanso. Amamva bwino ndithu, chifukwa BP nthawi zambiri siimveka m'thupi, imangogwira ntchito yake mwakachetechete pa mitsempha ya mu ubongo, pa impso ndi pa mtima. Pakatha miyezi ingapo mumalandira foni usiku: bambo agwa kubafa, pakamwa papotoka, mkono wakumanja sukugwira. Kenaka ndi ndalama za galimoto, za matewera, za munthu wowatembenuza pamphasa, ndipo achibale ayamba kufunsana kuti wawalodza ndani. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Ameneyu ndiye mdani amene ali pakhomo pa makolo anu. Palibe mafuta a nsomba amene angalowe m'malo mwa mankhwala ake, ndipo palibe kapisozi imene imatsuka mitsempha.

Ndalama ya mabotolo awiri kapena atatu ingagule kamakina koyezera BP kamabatire, kamene kangatumikire mudzi wonse. Muwaphunzitse: akhale pampando mphindi zisanu osalankhula, mkono pathebulo, ayeze kawiri, alembe m'kope. Ikamafika 140 pa 90 kapena kupitirira masiku angapo, apite kuchipatala ndi kopelo. Ikafika 180 pa 110 apite tsiku lomwelo. Muziwaikiranso padera ya kabaza yopitira kukatenga mankhwala, ndipo pa foni, mukatha kufunsa za mvula ndi za feteleza, muzifunsa kuti mapilitsi atsala angati.

Alipo amene makapisozi angawathandize. Munthu amene dokotala wamuyeza magazi n'kupeza triglyceride wokwera kwambiri akhoza kulemberedwa omega-3 wambiri, ndipo amatsitsadi mafutawo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. M'mayeso a ku America a anthu 25,871 aja munaonekanso kachizindikiro kakuti amene sankadya nsomba kawirikawiri, komanso anthu akuda a kumeneko, anapindulako, ngakhale mfundoyo sinatsimikizidwebe. Koma amene akumwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, ndi amene mtima wawo umagunda modumphadumpha, asayambe okha asanafunse. Mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod, aja ankatimwetsa ndi supuni tili ana titatsina mphuno, ndi chinthu china: ali ndi vitamini A wambiri, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa.

Tibwere ku nsomba yeniyeni, kumene ndikufuna mukhazikike. Madokotala a mtima a ku America ndi a ku Britain, omwewo amene akukayikira makapisozi, sanasinthe langizo lawo lakuti munthu azidya nsomba kawiri pa sabata, makamaka zonona. Anthu odya nsomba kawirikawiri amapezeka ndi imfa zochepa za mtima m'kafukufuku wa m'mayiko ambiri. Gawo lina la phindulo ndi omega-3, koma gawo lina ndi losavuta kumva: tsiku limene mwadya usipa simunadye soseji, polony kapena nyama yonona ya pa kanyenya. Nsomba imabweranso ndi zomanga thupi ndi vitamini B12, zimene kapisozi ilibe.

Ife tili ndi mwayi umene sitiuona. Usipa wa m'nyanja ya Malawi umadya tizilombo toyandama tija, choncho uli pafupi kwambiri ndi gwero la mafutawa. Pali utaka, ndunduma, matemba a ku Chilwa, mcheni wonona uja, mpasa ukapezeka. A ku Zambia ndi ku Zimbabwe muli ndi kapenta wa ku Kariba ndi ku Tanganyika. Tinsomba tating'ono timadyedwa tathunthu, mutu, maso, minga ndi zam'kati, ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiamu wa mafupa, ayironi ndi zinki. Chambo ndi chokoma, sindikukana, koma nsomba za mtundu wake sizikhala ndi omega-3 wambiri, makamaka zoweta m'madamu ndi madeya. Mumalipira dzina. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata amene wayamba kulandira malipiro akunena kuti bonya anatsanzikana naye ku boding'i, ndi ndiwo za amphawi, kenaka n'kumagula m'botolo pa mtengo wokwera mafuta ofinyidwa ku tinsomba ta mtundu womwewo ta ku Peru. Inde, gawo lalikulu la mafuta a nsomba a padziko lonse limachokera ku anchoveta, kansomba kakang'ono ka m'nyanja ya ku Peru, bonya wa kumeneko.

Inu a ku Joni, chitini cha pilchards chimene mumachiona ngati chakudya cha masiku omalizira a mwezi ndi chimodzi mwa zakudya zolemera kwambiri ndi omega-3 m'sitolo monsemo. Karapau nayenso ndi wabwino. A ku Britain funani mackerel, sardines, herring ndi salmon. Nsomba yoyera ya cod kapena haddock yokutidwa ndi ufa n'kumizidwa m'mafuta ija musaiwerengere. Amayi oyembekezera apewe nsomba zikuluzikulu zodya zinzake monga shark ndi swordfish, chifukwa zimaunjika mercury. Tinsomba tating'ono tilibe vuto limeneli kwenikweni.

Pamsika musamangotola mulu umene uli waukulu. Tengani usipa pang'ono m'dzanja. Wabwino amawala ngati siliva, amathyoka bwino, fungo lake ndi la kunyanja. Amene wasanduka wachikasu chodera, wonyowa mafuta kunja ndi wowawa pakhosi, mafuta ake anavunda kale, ndipo ndi mafuta abwino aja amene amayamba kuwonongeka. Woyanikidwa pa thandala amaposa woyanikidwa pamchenga, ndipo mano anu adzakuuzani okha. Mukapeza wauwisi wa m'mawa womwewo, kaya ku Salima, ku Nkhotakota, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, musamusiye. Wofutsa nayenso ndi wabwino.

Ndiye kaphikidwe. Apa m'pamene ambiri timataya zonse. Imani pa chiwaya cha m'mbali mwa msewu madzulo muone mafuta amene nsomba ikuviikidwamo: akuda bii, akufuka utsi, m'mphepete muli thovu, ndipo m'mawa adzangothiramo ena pamwamba pa omwewo. Nsomba yokazingidwa motero imataya gawo la mafuta ake abwino n'kumwa mafuta opsa amene amavulaza mitsempha. Mmene amayi anu amaphikira ndi mmene zimafunikira: kuviika usipa m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke, anyezi ndi tomato m'kapoto, supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta, usipa pamwamba, madzi pang'ono, moto wofatsa. Kapena kutendera ndi nsinjiro osathira mafuta n'komwe, pambali pali chisoso, bonongwe kapena nkhwani. Kuwamba pamakala kulinso bwino bola osapsereza.

Mchere ndiye ungafafanize phindu lonse. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuphatikiza wa m'buledi, wa m'ndiwo ndi wa m'zonse. Ife timagula nsomba yothiridwa kale mchere poyanika, timathira wina mumphika, timaponyamo kyubu yokometsera imene mbali yake yaikulu ndi mchere, kenaka munthu asanalawe n'komwe dzanja lili kale m'kambale ka mchere wa tsabola. Lilime limazolowera. Mukachepetsa pang'onopang'ono, pakatha masabata angapo ndiwo za kwa aneba muziona kuti zawawa.

Musaganize kuti zonsezi ndi za makolo okha. Mu 1953 madokotala amene anapima mitembo ya asilikali 300 a ku America ophedwa pa nkhondo ya ku Korea, a zaka za m'ma 22, anapeza kuti oposa atatu mwa anayi aliwonse anali atayamba kale kuwonongeka mitsempha ya mtima. Vuto limene lidzakugwetseni pa zaka 55 likuyamba panopa, ndi ndudu, ndi mowa wa Lachisanu mpaka Lamulungu, ndi tchipisi cha masana aliwonse, ndi kukhala pampando tsiku lonse. Mnyamata wosuta amene akumeza omega-3 m'mawa akudzinamiza yekha. Ndipo kwa ana anu ang'ono, matenda a mtima amene ali pafupi kwambiri kuno kwathu ndi ena: zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi zikanyalanyazidwa zimatha kudzawononga mavavu a mtima, ndipo chotchinga chake ndi penicillin wa kuchipatala. Mwana akamalira pakhosi thupi likutentha, musamugulire Panado wa pa okala n'kukhala pansi.

Mwana yemweyo akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi n'kuyamba phala, muyambitseni nsomba, pakuti ubongo ndi maso ake akufuna DHA nthawi imeneyi kuposa ina iliyonse. Sankhani usipa wouma bwino wopanda mchere, muukazinge pang'ono pa chiwaya chouma popanda mafuta, musinje, musefe kuti minga isatsale, muzithira supuni yaing'ono m'phala la mgaiwa likamabwata. Musasinje wambiri nthawi imodzi, chifukwa ufa wa nsomba suchedwa kuvunda. Wokwanira sabata imodzi, m'botolo louma lotseka bwino, pamalo posafika dzuwa.